Covid siinatilumphe mu komboni, sitinawelenge cabe

Pali bodza limene lakhazikika mu Lusaka, ndipo ise acinyamata ndise timalinyamula kwambili. Mudzalimva mu minibasi, kometela tsitsi, pa malo oonelela mpila, olo pa foni anthu akamatuma ku pulogilamu ya zaumoyo imene nimathandizako pa wailesi ya m'dela lathu. Bodzalo limati Covid inali matenda a azungu na a kumayadi, ise a mu komboni inatilumpha. Wina amati ni dzuwa lathu, wina amati ni magazi olimba, wina amati tinazolowela fumbi na madzi a m'citsime cakuti kadoyo kakatilowa kamafa kokha. Amene amakamba izi si opusa iyai. Amangobweza zimene manambala a pa TV anawaonetsa. Vuto lili pa manambalawo, ndipo tifunika kukambilana mmene anali kupangidwila, cifukwa matenda a cifuwa adzabwelanso. Tikadzawelenga monga tinawelengela paja, mudzaikanso ambuya anu m'manda mukuganiza kuti inali shuga cabe.

Kumbukilani mmene zinayambila. Pa 18 March 2020 boma linalengeza anthu awili oyamba kupezeka na kadoyo, mwamuna na mkazi wake amene anali atabwela kucokela ku France. Masukulu anatsekedwa pa 20 March. Kucokela apo, nduna ya zaumoyo, Dr Chitalu Chilufya, anayamba kuonekela pa TV pafupi-fupi tsiku lililonse: tapima akuti, tapeza akuti, acila akuti, amwalila akuti. Tinali kumvetsela monga zigoli za mpila. Pofika kumapeto kwa 2020, amene boma linati amwalila na Covid m'dziko lonse sanafike 400. Dziko la anthu oposa 18 miliyoni! Ngozi za pamseu zimapha anthu oposa 1,000 caka ciliconse. Ndiye mnyamata wa ku Kanyama amene anamutsekela bala imene anali kugwilako nchito, akamva 400, mufuna aganize ciani? Anaona kuti amulanda cakudya cifukwa ca matenda amene kulibe.

Koma kodi “wopezeka na Covid” anali ndani? Anali munthu amene anapimidwa, basi. Ngati sunapimidwe, olo utsokomole mpaka nthiti ziwawe, olo usamve fungo la kapenta ali pa mbaula, m'buku la boma unali bwino-bwino. Nanga amene anali kupimidwa ni ati? Ofuna kukwela ndeke kapena kudutsa boda, cifukwa anafunika satifiketi. Madalaivala a mathilaki. Ogwila nchito m'makampani akulu-akulu. Amene anakhala pafupi na wodwala wodziwika, na ena amene anagonekedwa m'cipatala. Amai ogulitsa tomato pa Soweto sanali pa mndandanda umenewo, ndipo iwonso sanafune kukhalapo, cifukwa kupezeka na kadoyo kunali kutanthauza milungu iwili osagulitsa. Anagula panado, jinja na ndimu, anafukiza na bulugamu, m'mawa anabwelela ku msika. Conco mapu a Covid amene tinali nawo m'mutu anali kuonetsa kumene kuli anthu opimidwa, ndipo opimidwa ambili anali a ndalama. N'cifukwa cake inaoneka monga matenda a olemela.

Izi sin'nazilote. Mu July 2020 akatswili a ku Unduna wa Zaumoyo omwewo pamodzi na anzawo, motsogoleledwa na Prof Lloyd Mulenga, anayenda khomo na khomo m'madisitilikiti 6: Lusaka, Ndola, Kabwe, Livingstone, Nakonde na Solwezi. Anapima anthu m'nyumba zawo, odwala na osadwala omwe. Anapeza kuti pafupi-fupi munthu mmodzi pa 10 alionse anali na kadoyo kapena anali atakhalapo nako kale. Atawelengela bwino, zinaonetsa kuti anthu oposa 450,000 anali atatenga kale kadoyo m'madisitilikiti amenewo, pamene manambala a boma anali kukamba 4,917. Pa munthu mmodzi aliyense amene analowa m'nambala ya pa TV, panali anthu 92 amene kadoyo kanawalowa. Lipoti limeneli linatuluka mu 2021 m'magazini ya madokotala ya The Lancet Global Health, m'Cizungu colimba. Ni angati a ise tinalimva?

Mudzati, ndiye bwino, tinadwala ambili koma sitinafe. Apa khalani pansi, cifukwa tifika ku mochale.

Aliyense amene anafeledwapo mu Lusaka adziwa zilembo zitatu izi: BID. Zimaimila munthu amene wafika pa cipatala atamwalila kale. Munthu akafela kunyumba simungangomunyamula kupita naye ku Chingwere. Mumayamba kupolisi kukatenga lipoti, mumapeleka thupi ku mochale, mumatenga cikalata ca Lusaka City Council cololeza kuika malilo, ndiye mupita kumanda. Ni njila yolemetsa, ndipo tonse timaidandaula tili na cisoni, mizele, mapepala, kubwelela mawa. Koma ili na ubwino umodzi. Ambili mwa omwalila mu mzinda uno amadutsa pa khomo limodzi, pa UTH, na kulembedwa m'buku. Amene sanaonepo dokotala moyo wake wonse, pa khomo limenelo amalembedwa ndithu.

Kucokela mu June mpaka September 2020, gulu la ofufuza lotsogoleledwa na Dr Lawrence Mwananyanda, pamodzi na a ku Boston University, linaima pa khomo limenelo. Anali kupempha cilolezo kwa acibale na kupima m'mphuno mwa womwalila. Anapeza zotsatila za mitembo 364. Pa imeneyi, 70 inali na kadoyo, kutanthauza pafupi-fupi mmodzi pa asanu alionse. Manje mvelani ici. Pa anthu 70 amenewo, 51 anafela kunyumba, ndipo pa 51 amenewo palibe olo mmodzi amene anapimidwa ali moyo. Olo mmodzi. Pa 19 amene anafela m'cipatala, 6 cabe ndiwo anapimidwa. Ndipo ofufuzawo sanapime mitembo yonse yofika pa mochale, anali kutengako yocepa cabe. Anthu amenewa anabanika pa mphasa, ana akuwakupiza na katoni, ndipo pamene anali moyo buku la boma silinawadziwe.

Anabwelelanso mu 2021, kuyambila January mpaka June, napima mitembo yoposa 1,100. Ulendo uno pafupi-fupi mmodzi pa atatu alionse anali na kadoyo. Pamene mlili unafika pacimake, kadoyo kanali kupezeka mwa omwalila pafupi-fupi 9 pa 10 alionse amene anapimidwa. Pa onse omwalila ali na kadoyo, mmodzi cabe pa 10 ndiye anadziwika ali moyo. Pa munthu mmodzi wofela m'cipatala na Covid panali anai ofela kunyumba, ndipo ofufuzawo anaona kuti imfa zimenezi zinaunjikana m'madela osauka kwambili a mzinda. Kwathu. Bwelelani m'maganizo ku June 2021 muwelenge malilo amene munapitako kapena amene munamva. Tinali kuti ciani? “Inali BP.” “Anali na shuga.” “Ni cibayo, mudziwa kuzizila kwa caka cino.” “Anangogwa cabe.” Tinapatsa matenda maina ena onse kusiyapo dzina lake.

Pali funso labwino limene ena amafunsa. Kupeza kadoyo m'mphuno mwa mtembo sikutanthauza kuti ndiko kanamupha, mwina anali na TB, mwina khansa. Zoona. Ndiye tiyeni tiike kupima pambali, tiwelenge manda cabe. Ofufuza ena anatenga mabuku a zikalata zoikila malilo mu Lusaka, nayelekezela 2020 na zaka zakumbuyo. Anapeza kuti mu 2020 munamwalila anthu oposa 3,000 pamwamba pa amene akanamwalila m'caka wamba, maka-maka okalamba. Mu Lusaka mokha, m'caka cimene dziko lonse linauzidwa kuti sitinafike 400. Ngati si Covid, niuzeni cimene cinawapha. Mfiti zinayamba ovataimu?

Cimene cimaniwawa kwambili n'cakuti buku limeneli linalipo nthawi yonseyo. Silinafune makina a PCR, silinafune ndalama za ma donor. Kalaliki amalembamo tsiku lililonse, Covid ikhalepo olo isakhalepo. Kuwelenga mizele ya m'buku pa Cisanu na kuuza anthu kuti mlungu uno ma BID ni akuti, pamene nthawi zonse amakhala akuti, ni nchito ya munthu mmodzi na bolopeni. Ni zoona kuti nthawi zina nduna inali kuchula ma BID amene anapimidwa napezeka na kadoyo. Koma apo tabwelelanso ku opimidwa. Nambala yofunika ni ya onse ofika atamwalila, opimidwa na osapimidwa, poyelekezela na mlungu ngati womwewo m'zaka zakumbuyo. Nambala imeneyo siisamala ngati zopimila zatha, ngati banja linabisa, olo ngati munthu analibe ya minibasi yopitila ku kiliniki.

Cinanso, manambala amene tinazolowela kumva anali a Zambia yonse, akacepetsako ni a cigawo kapena disitilikiti. Koma disitilikiti ya Lusaka ili na anthu oposa 2 miliyoni malinga na kalembela wa 2022. Kuika Kanyama, Matero, Chelstone na Woodlands pa mzele umodzi kuli monga kuuza munthu wa ku Mtendere kuti mu Zambia mukugwa mvula, pamene iye afuna kudziwa ngati ayanike zovala. A zaumoyo anagawa kale Lusaka m'zigawo 6: Kanyama, Matero, Chipata, Chawama, Chilenje na Chelstone. Makiliniki amatumiza malipoti. Pa kolela timamva bwino-bwino kuti Kanyama ili na odwala akuti, Matero akuti. Ndiye luso lilipo. Nanga n'cifukwa ciani cifuwa cikabwela timabwelela ku “dziko lonse”?

Pa wailesi zinali kutivuta. Munthu atuma foni: “Ba presenter, kuno ku Chawama vili bwanji? Niyende ku malilo ya ba uncle olo ninkale cabe?” Wina: “Mwana wanga ali na asima, nimupeleke ku sukulu?” Ise m'manja tili na ciwelengelo ca onse opezeka na kadoyo kucokela mu March 2020, nambala imene imangokwela, siitsika olo mlili utatha. Nambala yotelo siiyankha funso lililonse la munthu amene afuna kudziwa cocita mawa. Malipoti atsatane-tsatane analipo pa intaneti, ndipo amene anali kuwalemba anagwila nchito usana na usiku, niwayamikile. Koma anali ma PDF a Cizungu, ofuna ma bundle na munthu wozolowela kuwelenga ma graph. Ise odzipeleka tinali kumasulila tokha pa foni ya sikilini yosweka, kutatsala mphindi 10 kuti tilowe mu studio.

Nambala imene ikanawathandiza anthu aja ni yosavuta: pa anthu 100 opimidwa, ni angati apezeka nako? Tinene kuti lelo mwapima anthu 500 mwapeza 50, mawa mwapima 5,000 mwapeza 200. Nyuzipepala idzalemba kuti matenda awonjezeka kanai. Koma lelo anali 10 pa 100, mawa ni 4 pa 100, zinthu zakhalako bwino. Zimacitikanso mobwelela m'mbuyo: zopimila zikatha, opezeka amacepa, anthu n'kuvula ma mask pamene moto ukali kuyaka. WHO inalangiza mu May 2020 kuti nambala imeneyi ikhale pansi pa 5 pa 100 kwa milungu iwili dziko lisanamasule malamulo. Mwana wa Giledi 7 angamve zimenezi. Koma olo iyi ili na msampha wake. Mukasakaniza otsokomola a pa kiliniki ya mu komboni na anthu athanzi opimitsa kuti akwele ndeke, muli monga wothila madzi mu supu kuti ikwane alendo. Tipatseni ya odwala cifuwa pa makiliniki payokha, cigawo na cigawo, ndipo ikhale ya mlungu wonse, cifukwa nambala ya tsiku limodzi imalumpha-lumpha malinga na mmene ma lab agwilila nchito.

Ndiye pali mabedi na okosijeni. Mu June na July 2021, pamene mtundu wa Delta unafika pakati pa nyengo yozizila, palibe banja limene linali kufunsa kuti apezeka angati lelo. Funso linali lakuti malo ali kuti, okosijeni ili kuti. Zipatala zikulu-zikulu monga Levy Mwanawasa na UTH zinapanikizika. Ma status a WhatsApp anasanduka ofesi yofunsila: amene adziwa kumene kuli silinda anitumileko. Anthu anatha ndalama za taxi kuzungulila mzinda na wodwala wobanika kumpando wakumbuyo. Cipatala ciliconse cimadziwa m'mawa uliwonse mabedi amene atsala, cifukwa asisita oyang'anila wodi amawelenga posinthana nchito. Nambala imeneyo ikanawelengedwa pa wailesi m'mawa na madzulo, monga timawelengela mitengo ya pa msika, ikanapulumutsa maola, ndipo munthu wobanika alibe maola oculuka.

Nidziwa cimene a m'maofesi amayankha. Amati mukatulutsa manambala a komboni na komboni anthu adzacita mantha, ndipo a m'dela limene lili pamwamba adzasalidwa. Nkhawa imeneyi sinimaiseka. Tinaona mu January 2018, pa kolela, asilikali atacotsa ogulitsa m'miseu, Kanyama itaikidwa pa lamulo losayenda usiku, anthu nakwiya mpaka kucita cipolowe. Dzina la komboni likamveka pa nyuzi, wanchito wa m'nyumba amauzidwa na madamu kuti ayambe wakhala kwawo, popanda malipilo. Izi zimacitika. Koma onani, malamulo amagwa ndithu pa ise, manambala atuluke olo asatuluke. Kusiyana kwake n'kwakuti popanda manambala tilibe potsutsila. Mabala na manaitikilabu anatsekedwa mu March 2020, anayamba kutsegulidwa pang'ono mu September. Ma DJ, ma waiter, ma bouncer, ogulitsa michopo panja pa bala, onse anakhala miyezi osadziwa kuti ni nambala iti imene ifunika kutsika kufika pati kuti abwelele ku nchito. Anali kungoyembekezela kuti a Pulezidenti adzakamba ciani. Nambala yolengezedwa poyela imamanga onse awili. Ise imatiuza nthawi yovala mask na yoleka kukacezela ambuya, boma imaliuza nthawi yotisiya tigwile nchito.

Za mantha nazo tisanamizane. Cimene cimacititsa mantha ni kuona mabasi a malilo atatu pa mseu umodzi pamene nambala ya pa TV ni yaing'ono. Pamenepo m'pamene mphekesela zimabadwila: ati ku cipatala akupha anthu na jekiseni, ati Covid ni bizinesi yokokela ndalama za ma donor, ati katemela ni 666. Katemela woyamba wa AstraZeneca atafika mu April 2021, anthu ambili anauthawa. Ena amati ni umbuli. Ine nimati, ungabayitse bwanji katemela wa matenda amene manambala anakuonetsa kuti sanaphe munthu kwanu?

A zaumoyo afunika kuvomela cinthu cinanso. Malamulo ena ndiwo anathamangitsa anthu ku manambala. Kumayambililo, womwalila na Covid anali kuikidwa mofulumila, moyang'anilidwa na anthu ovala zoyela kucokela kumutu mpaka kumapazi, acibale ataima patali, osaona nkhope. Mabanja anaphunzila mwamsanga kuti kupimitsa wodwala ni kuika malilo ake pa ngozi. Kwa ise, kuika kholo lako monga cinthu coopsa, popanda nyimbo za kwaya, popanda a kumudzi kufika, ni cilonda cimene sicipola. Conco anamusunga kunyumba, ndipo atamwalila anauza apolisi kuti anali na BP. Simungawaimbe mlandu. Ngati mufuna kuti banja likambe zoona pa tebulo la BID, liyenela kudziwa pasadakhale kuti kukamba zoona sikudzalilanda thupi la m'bale wawo.

Pali na ndale. Delta inafika pa nthawi ya kampeni ya masankho a pa 12 August 2021. Sinikamba kuti wina anasintha manambala. Nikamba kuti nambala ikamadutsa pakamwa pa nduna, theka la dziko limaikana lisanaimve, cifukwa ca mtundu wa citenge cimene avala. A Chilufya anacotsedwa mu January 2021, kunabwela Dr Jonas Chanda, pambuyo pa masankho kunabwela amai Sylvia Masebo. Amene anali kukhulupilila anayamba kukayika, amene anali kukayika anayamba kukhulupilila, kadoyo kali kamodzi-modzi. Tili na Zambia National Public Health Institute, imene Nyumba ya Malamulo inaipatsa lamulo lake-lake mu 2020. Kuwelenga matenda ni nchito yake. Itulutse manambala a Lusaka pa tsiku lodziwika mlungu uliwonse, nduna ikondwe olo isakondwe, monga mmene ZamStats imatulutsila za kukwela kwa mitengo mwezi na mwezi. Kondakita aliyense adziwa nthawi imene mtengo wa mafuta umalengezedwa. Adziwenso tsiku limene manambala a cifuwa amatuluka.

Ena ophunzila amakonda kukamba za kupima madzi a m'zimbudzi, monga anacitila ku London na ku Johannesburg. Kadoyo kamatuluka m'cimbudzi munthu asanaganize olo zopita ku kiliniki, conco madzi amenewo amacenjeza msanga. Njila ni yabwino. Koma mu Lusaka nyumba zolumikizidwa ku mapaipi opita ku Manchinchi ni zocepa, ambili a ise tili na zimbudzi zokumba. Mukadalila zimenezo zokha, Kanyama na Misisi zidzakhalanso cete m'manambala, ulendo uno na makina odula. Citani, koma buku la BID musalisiye.

Ndipo kuwelenga kumeneku kuyenela kucitika manje, pamene kulibe mlili. Simungadziwe kuti malilo aculuka ngati simudziwa mmene amakhalila mu June wamba. Matenda a cifuwa ali na mayendedwe ake. Amayamba kuonekela pa mzele wa otsokomola pa kiliniki, pakapita mlungu umodzi kapena iwili mawodi amayamba kudzala, pambuyo pake ndiye manda. Mzele wa pa kiliniki ni belu loyamba, buku la BID ndilo limakuuzani ngati belu linalila zoona komanso amene munaphonya. Lab ya tudoyo pa UTH yakhala ikuyang'anila flu kuyambila mu 2008. Caka ciliconse kukazizila, makiliniki amadzala na ana otsokomola, tili m'nyumba na mbaula mawindo otseka, mu minibasi wa pawindo akukana kutsegula. Ndani wa imwe anamvapo pa wailesi kuti mlungu uno flu yakwela ku Matero? Anthu akazolowela kumva manambala amenewa pa nthawi ya mtendele, tsiku limene adzalumpha adzawakhulupilila popanda wowaopseza na apolisi.

Ndipo pasakhale wokamba kuti a mu komboni sangamve manambala. Ise amene timawelengela ma odds a betting a magemu 12 m'mutu? Ise amene tidziwa mapointi amene Arsenal ifunika, na mtengo wa dollar wa dzulo na wa lelo? Amai a cilimba amasunga mabuku a ndalama za anthu 30 popanda kusowetsa ngwee. Mizele inai ya manambala siingatigonjetse. Cimene cimatigonjetsa ni kusapatsidwa, ndipo ise nafenso sitimafunsa. Tikaona graph timangopitilila kukaona ma meme, ndiye pambuyo pake tili patsogolo kukamba kuti Covid inali bodza.

Mu December 2023 lamulo la Access to Information linasainidwa. Ciwelengelo ca ma BID pa mlungu si cinsinsi ca munthu aliyense, mulibe dzina, mulibe nambala ya nyumba. Cifunseni. Ku miting'i ya Neighbourhood Health Committee, kumene nthawi zambili kumapita makolo athu okha, pitaniko mukafunse kuti otsokomola pa kiliniki yathu mwezi uno ni angati poyelekezela na mwezi watha. Akansala akabwela kukamba za CDF, afunseni kuti bolodi na coko ni zingati. Cimene nipempha ni bolodi pa geti ya kiliniki iliyonse, yolembedwa m'Cinyanja, yosinthidwa pa Cisanu: obwela na cifuwa mlungu uno na mlungu watha, opezeka na kadoyo pa 100 opimidwa, mabedi otsala pa cipatala ca cigawo cathu, na ofela kunyumba poyelekezela na nthawi zonse. Ise a pa wailesi tidzaijambula pa foni na kuiwelenga pa Mande pambuyo pa zilengezo za malilo, cifukwa ndiyo nthawi imene komboni yonse imakhala cete kumvetsela.